Inshuwalansi ya ovulala msana pa ntchito: imalipira, koma imamvera pepala kuposa ululu

Inshuwalansi ya ovulala pa ntchito ndi malonda odabwitsa. Wogula ndi bwana, woigwiritsa ntchito ndi wantchito, ndipo wantchitoyo amayamba kufunsa za iyo m'mawa umene walephera kuwerama kuti amange zingwe za nsapato. Kwina imayendetsedwa ndi thumba la boma, kwina ndi makampani a inshuwalansi, kwinanso kampani imalipira yokha, koma kayendedwe kake n'kofanana. Pano tikuiyeza pa vuto limodzi, la msana, chifukwa m'pamene ubwino ndi kuipa kwake zimaonekera poyera. Tineneretu maganizo athu: pa ndalama za kuchipatala ndi malipiro a masabata oyamba, palibe thandizo lina limene wantchito wamba angapeze loposa ili. Pa ululu wokhalitsa ndi pa kuwerengera chilema, ndi youmira, yochedwa, ndiponso yokayikira munthu.

Kukayikako kuli ndi kumene kunachokera. Dziko la Germany linakhazikitsa inshuwalansi ya ngozi za pa ntchito mu 1884, nthawi ya mtsogoleri wa boma Bismarck. Britain inatsatira mu 1897, ndipo ku America boma la Wisconsin linayamba mu 1911. M'malo ambiri mgwirizano wake unali wosinthana: wantchito alandire chipukutamisozi popanda kutsimikizira kuti bwana analakwa, koma naye asiye ufulu wosumira bwanayo kukhoti. N'chifukwa chake m'malo ambiri mulibe ndalama yolipirira kuwawa kwenikweniko, kusagona usiku, kapena kulephera kunyamula mwana wanu. Malamulowa analembedwa poganizira migodi ndi mafakitale, komwe chala chimaduka anthu akuona, magazi ali pansi, nthawi ikudziwika. Msana sutulutsa magazi. Kawirikawiri munthu amamva kuti thyo, n'kupitiriza ntchito mpaka kuweruka, ululu weniweni n'kudzabwera m'bandakucha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 90 peresenti ya ululu wa m'munsi mwa msana sudziwika gwero lake lenileni ngakhale munthu atapimidwa. Ndiye taganizani: dongosolo lofuna umboni wooneka lakumana ndi vuto losaoneka.

Tiyambe ndi zimene imapereka bwino. Choyamba ndi chithandizo: kuonana ndi dokotala, mankhwala, mafizo, kujambula, opaleshoni ikafunika, ndipo m'malo ambiri ndalama zoyendera popita kuchipatala zimabwezedwa ngati mwasunga malisiti. Chachiwiri ndi gawo la malipiro pa nthawi imene simukugwira ntchito. Pangano nambala 121 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1964, linaika 60 peresenti ya malipiro ngati mlingo wochepetsetsa kwa wantchito wa pabanja. Maboma ambiri a ku America amapereka magawo awiri mwa atatu a malipiro a pa sabata, ku South Africa ndi 75 peresenti, ku New Zealand ndi 80 peresenti. Pafupifupi kulikonse pali malire a pamwamba, choncho wolandira ndalama zambiri amataya gawo lalikulu kuposa mmene peresenti ikuonetsera. Palinso masiku odikira. Ku America amakhala atatu mpaka asanu ndi awiri, ndipo amalipiridwa pambuyo pokhapokha ngati kudwalako kwapitirira nthawi imene boma lililonse linaika. Ku New Zealand sabata yoyamba amalipira ndi bwana.

Pamene anthu amatayira ndalama osadziwa ndi pa nambala imene peresentiyo ikuchokera. Tiyerekeze kuti malipiro anu ndi 300 pa sabata, koma chaka chonse mwakhala mukupeza 60 ina ya ovataimu. Magawo awiri mwa atatu a 300 ndi 200. Magawo awiri mwa atatu a 360 ndi 240. Kusiyana kwa 40 kumaoneka kochepa, koma pa masabata 12 ndi 480, ndipo m'malo ambiri nambala yomweyo ndi imene imadzagwiritsidwa ntchito powerengera chilema chokhalitsa. Ofesi ya malipiro ikatumiza malipiro oyambira okha, wa inshuwalansi sadzafunsa za ovataimu, alawansi kapena ntchito yachiwiri. Kalata yoyamba yonena ndalama zanu ikafika, ikani mapepala a malipiro a miyezi 12 pambali pake, muwerengere nokha.

Tsopano sabata yoyamba, imene imaweruza nkhani yonse ngakhale palibe amakuuzani. Lamulo limaoneka ngati likupatsani mpata: ku California ndi ku New York muli ndi masiku 30 odziwitsa bwana, ndipo pempho lenileni la chipukutamisozi lili ndi chaka chimodzi ku California, zaka ziwiri ku New York, miyezi isanu ndi umodzi ku Ontario m'dziko la Canada. Musanyengeke nazo. Pa msana, tsiku lililonse losanena limasanduka funso. Wovulala Lachisanu madzulo n'kudzanena Lolemba amafunsidwa zimene anachita Loweruka ndi Lamulungu, ndipo ofufuza madandaulo amaliyang'ana ndi diso lofiira dandaulo la Lolemba m'mawa. Nenani tsiku lomwelo, ngakhale mukuganiza kuti zitha zokha. Kuuza kapitawo pakamwa sikokwanira, chifukwa kapitawo amaiwala, amasamutsidwa, kapena amaopa kuti gawo lake liwerengedwa kuti lachita ngozi. Lembani m'buku la ngozi kapena pa fomu, jambulani tsambalo ndi foni, ndipo ngati fomu palibe tumizani uthenga wa pa foni kapena imelo yoonetsa tsiku.

Zimene mulembe zikhale zoyezeka. "Msana ukundiwawa" si lipoti la ngozi. Lipoti limanena tsiku ndi ola, malo, chinthu chimene munanyamula ndi kulemera kwake, kuchokera pansi kapena pa shelefu, kutalika kwa pamene mumachiika, ngati munapotoza thupi mutachinyamula, ngati pansi panali poterera, zimene munamva nthawi yomweyo, amene analipo, ndiponso ngati munamaliza shifiti. Zimenezi si zokometsera. Bungwe la NIOSH la ku America, lofufuza za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, limaika makilogalamu 23 ngati katundu wolemera kwambiri amene munthu angamanyamule zonse zili bwino, kutanthauza katundu ali pafupi ndi thupi, pa msinkhu wabwino, wogwirika, osapotoza chiuno. Katundu akatalikira thupi, akakhala pansi penipeni, kapena akamanyamulidwa kangapo pa mphindi, mlingowo umatsika kwambiri. Lipoti lonena kuti munachotsa bokosi la makilogalamu 30 pansi n'kutembenuka kuliika pa shelefu yofika m'mapewa limapatsa dokotala chogwira akafunsidwa ngati ntchitoyo ingavulaze msana.

Kuchipatala, chiganizo choyamba chikhale chakuti mwavulala pa ntchito, ndipo onetsetsani kuti chalembedwa. Fayilo yongoti "ululu wa msana, masiku atatu" imadzawerengedwa ngati matenda wamba. Nenaninso zonse zimene mukumva, ngakhale zazing'ono: dzanzi ku chala chachikulu cha kuphazi, ululu wotsika m'thako kudzera kumbuyo kwa ntchafu mpaka m'katumba, phazi lokoka pansi poyenda, kuwawa kowonjezeka potsokomola. M'munsi mwa msana muli mafupa asanu, L1 mpaka L5, ndipo pakati pawo pali timapilo totchedwa ma disc. Pafupifupi ma disc onse amene amatuluka m'malo mwake m'chigawo chimenechi ndi a pa L4-L5 ndi L5-S1, pomwe pamadutsa mizu ya mtsempha wopita kumwendo. Ululu wa mwendo ukayamba kuoneka m'fayilo pa sabata yachisanu, wa inshuwalansi amati ndi vuto latsopano losakhudzana ndi ngozi, ndipo akhoza kuvomera za minofu ya msana n'kukana za disc, zimene ndi zodula.

Pali zizindikiro zimene sizidikira chilolezo cha wina aliyense: dzanzi m'mphechepeche ndi kumalo okhalira, kulephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka osadziwa, miyendo yonse iwiri kufooka. Izi zikhoza kukhala cauda equina, kupanikizika kwa mitsempha ya kumapeto kwa msana, ndipo zimafuna chipatala chachikulu tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumasiya chilema chosachira. Mafomu adzatsatira.

Funso lakuti munayamba mwadwalapo msana lidzabwera, ndipo apa ambiri amadzikola okha. Amakana poopa kukanidwa, kenako wa inshuwalansi amapeza fayilo ya zaka zinayi zapitazo, nkhani n'kusiya kukhala ya msana n'kukhala ya bodza. Chonsecho malamulo a m'malo ambiri amavomereza kuti ngozi ya pa ntchito ikakulitsa vuto lakale, kukulako kumalipiridwa. Chofunika ndi kuonetsa kusiyana: musanavulale munkagwira ntchito yonse, simunkamwa mankhwala, mwendo unalibe dzanzi. Buku losainira polowa ntchito loonetsa miyezi yambiri osajomba ndi mboni yabwino kuposa anzanu atatu.

Mbali imene tikuipatsa mamalikisi otsika kwambiri ndi kagwiritsidwe ntchito ka MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi oonetsa ma disc ndi mitsempha. Ovulala ambiri amaiumirira poganiza kuti chithunzi chithetsa mkangano. Nthawi zambiri chimauyambitsa. Kafukufuku wa mu 2015 wophatikiza zithunzi za anthu oposa 3,000 opanda ululu uliwonse anapeza kuti 37 peresenti ya a zaka 20 anali kale ndi ma disc oyamba kutha, ndipo kwa a zaka 80 inali 96 peresenti. Disc yotupira kunja inapezeka mwa 30 peresenti ya a zaka 20 ndi 84 peresenti ya a zaka 80. Izi zikutanthauza kuti munthu wa zaka 45 akajambulidwa, n'zosadabwitsa lipoti kutuluka ndi mawu akuti degenerative, ndipo mawu amodziwo ndi amene amakopedwa m'kalata yokana: vuto ndi la ukalamba, si la ntchito. Chithunzi chikatuluka choyera, yankho limakhala lakuti palibe chovulala. Uku ndi uku wantchito waluza, pamene chithunzicho sichinganene kuti ululu unayamba liti. Malangizo a madokotala amati popanda zizindikiro zoopsa kapena kufooka kwa mwendo kowonjezeka, kujambula sikufunika pa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyamba, chifukwa ambiri amakhala atapezako bwino pofika nthawiyo. X-ray nayo imaonetsa mafupa, siionetsa disc kapena mtsempha. Chimene chimalemera pa mlandu ndi dokotala wolemba momveka kuti zimene wapeza popima, monga mwendo kuwawa akaukweza wowongoka, chala kufooka, kapena dzanzi lotsata njira ya mtsempha umodzi, zikugwirizana ndi malo a pa chithunzi ndiponso ndi mmene ngozi inachitikira.

Pakapita nthawi mudzatumizidwa kwa dokotala wosankhidwa ndi a inshuwalansi. Amamutchula kuti woima payekha, koma wolipira ndi iwo, ndipo sabwera kudzakuchiritsani. Kukana kupita kumaimitsa malipiro. Werenganinso lipoti lanu loyamba musanapite, kuti tsiku, kulemera kwa katundu ndi mbali ya mwendo zisasinthe. Musabise ululu chifukwa cha ulemu, musauwonjezerenso, pakuti pali mayeso opangidwa kuti aone ngati zimene mukuonetsa zikugwirizana: mwendo womwewo amaukweza mutagona, kenako mutakhala pansi mukuganiza kuti akuyang'ana bondo. Fotokozani tsiku labwino ndi tsiku loipa lomwe. Wonena kuti sangathe kuwerama mpang'ono pomwe, n'kudzajambulidwa akutola kiyi pansi, wawononga umboni wake wonse, pamene wonena kuti amawerama koma amalipira ndi maola awiri a ululu sanganamizidwe ndi kanema. Inde, makampani ena amatuma anthu ojambula mobisa, ndipo amayang'ananso Facebook. Mukatuluka, lembani nthawi imene kupimako kunatenga ndi zimene anachita, ndipo pemphani kope la lipoti.

Ntchito yopepuka ndi gawo limene dongosololi lili ndi mfundo yoona koma limaigwiritsa ntchito mwankhanza. Zoona n'zakuti kugona pabedi kopitirira tsiku limodzi kapena awiri kumachedwetsa kuchira, ndipo munthu akakhala kunyumba miyezi yambiri mwayi wobwerera ku ntchito umachepa. Choncho kubwerera msanga ndi mankhwala. Vuto ndi kalata yongoti "ntchito yopepuka" popanda manambala. Kwa kapitawo amene anthu akuperewera, chilichonse ndi chopepuka. Pemphani dokotala alembe malire enieni, mwachitsanzo osanyamula zoposa makilogalamu 5, osawerama mobwerezabwereza, kusintha pakati pa kukhala ndi kuima pa mphindi 30 zilizonse, osayendetsa makina onjenjemera, maola anayi pa tsiku, kudzaonanso pakatha masabata awiri. Mukapatsidwa ntchito yogwirizana ndi malirewo n'kuikana, malipiro akhoza kudulidwa. Mukapatsidwa yopitirira malire n'kuigwira mwakachetechete, zimalembedwa kuti mwachira. Njira ndi kupita, kuonetsa kalata, ndi kulemba tsiku lomwelo chimene mwapemphedwa chosemphana nayo. Ngati ntchito yopepukayo ili ndi malipiro ochepa, malo ambiri amalipira gawo la kusiyanako, koma muyenera kulipempha.

Tinene pang'ono za lamba wa msana amene makampani ena amagawa munthu akabwerera. NIOSH inanena kale mu 1994 kuti palibe umboni wokwanira woti malambawa amateteza ku kuvulala, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2000 pa ogwira ntchito m'masitolo sanapeze kuti amachepetsa ululu kapena madandaulo a msana. Lamba salowa m'malo mwa ngolo yokankha, makina onyamulira kapena munthu wachiwiri.

Dokotala akaona kuti chithandizo sichikusinthanso kanthu, amalemba kuti mwafika pamene mungachirire, ndipo amapereka peresenti ya chilema chokhalitsa. Apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Peresentiyo imayeza kuwonongeka kwa thupi motsata buku la malamulo, monga AMA Guides limene maboma ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, osati kuwonongeka kwa moyo wanu. Womanga nyumba amene sangathenso kunyamula thumba la simenti ndi kalaliki wa mu ofesi akhoza kupatsidwa nambala imodzimodzi, pamene wina ntchito yamuthera. Msana wopweteka wopanda chizindikiro cha mtsempha umapatsidwa nambala yaing'ono kwambiri, nthawi zina ziro. Ndipo malire amaluma. Ku Britain, ndalama ya boma ya olumala pa ntchito yotchedwa Industrial Injuries Disablement Benefit imayamba patatha masiku 90 kuchokera pa ngozi, ndipo kawirikawiri imafuna chilema cha 14 peresenti kupita m'mwamba. Ku South Africa, 30 peresenti kutsika pansi imalipiridwa kamodzi n'kutha, yoposa pamenepo ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Mapointi awiri pa lipoti akhoza kusintha zonse, choncho funsani ngati muli ndi ufulu wopimidwanso ndi dokotala wina musanavomere nambalayo.

Kumene malamulo amalola kutseka nkhani ndi ndalama ya kamodzi, mudzaitanidwa pa nthawi imene ngongole zakufikani m'khosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, inde, koma werengani chimene mukugulitsa. Mapangano ambiri otere amatsekanso chithandizo cham'tsogolo, ndipo disc yochitidwa opaleshoni ikhoza kudzatulukanso pamalo pomwepo. Musanasaine, pezani mayankho atatu olembedwa: dokotala akuona kuti mudzafunika chiyani pa zaka zikubwerazi ndipo mtengo wake ndi wotani, kodi panganolo likufuna kuti musiye ntchito, ndipo ndi ndalama zingati zimene zidzatsale loya, chipatala ndi ena akachotsa zawo. Kusaina musanafike pamene mungachirire ndi kugulitsa mbewu ili m'munda.

Pali anthu amene thandizoli silinawaganizire mokwanira. Oyamba ndi amene msana wawo watha pang'onopang'ono, monga anamwino otembenuza odwala, oyendetsa mathirakitala ndi malole, ndi osenza katundu zaka zambiri. Alibe tsiku la ngozi loti alembe pa fomu. Germany inaika matenda a ma disc obwera chifukwa chonyamula zolemera zaka zambiri, komanso obwera chifukwa cha kunjenjemera kwa makina amene munthu amakhalapo powayendetsa, pa mndandanda wa matenda a pa ntchito mu 1993, koma ngakhale kumeneko zofunika kuti munthu avomerezedwe n'zokhwima. Kwa oterewa nthawi yodandaulira imayamba kuwerengedwa, m'malo ambiri, tsiku limene dokotala wanena kuti vutolo likuchokera ku ntchito, ndiye tsikulo lilembeni. Ena ndi aganyu ndi olembedwa ngati odziimira paokha, amene kampani imati si antchito ake ngakhale imawauza ola lofika ndi chochita. Makhoti ambiri amayang'ana amene akulamula ntchitoyo, osati dzina la pa kontrakiti, choncho musagonje pa kukana koyamba. Ngozi ya panjira popita ku ntchito nayo imasiyana: Germany imalipira, maboma ambiri a ku America salipira kupatula ngati munatumidwa.

Loya safunika pa nkhani iliyonse. Msana wokokeka minofu, dandaulo lovomerezedwa, kubwerera ku ntchito pakatha masabata atatu, zimenezi munthu amatha yekha ndi fayilo yosamalika. Loya kapena woimira wa bungwe la antchito amafunika dandaulo likakanidwa, opaleshoni ikatchulidwa, malipiro akaimitsidwa mwadzidzidzi, mukachotsedwa ntchito mutangodandaula, kapena pakabwera pepala lotseka nkhani. Amafunikanso ngati wolakwa si bwana wanu koma wina, monga dalaivala wa kampani ina kapena opanga makina olakwika, chifukwa ameneyo mukhoza kumusumira padera n'kupempha ndi za ululu zomwe, ngakhale a inshuwalansi adzafuna kubwezeredwa zimene anawononga. Funsani pa tsiku loyamba ngati gawo la loya likuchotsedwa pa ndalama zonse kapena pa zimene wawonjezera zokha, ndiponso amene alipire malipoti a madokotala mukaluza.

Kalata yokana ikabwera, yang'anani zinthu ziwiri musanakwiye: chifukwa chimene alemba, ndi tsiku lomaliza lochitira apilo, limene kawirikawiri limawerengedwa m'masabata kapena miyezi yochepa kuchokera pa deti la kalatayo. Apilo iyankhe chifukwa chomwecho. Akati munachedwa kunena, tumizani chithunzi cha buku la ngozi kapena uthenga wa tsiku lija. Akati ndi ukalamba, pemphani dokotala wanu kalata yosiyanitsa mmene munalili musanavulale ndi mmene mulili tsopano, yotchula mtsempha ndi malo a disc, monga L4-L5. Akati si inu wantchito wawo, sonkhanitsani mandandanda a mashifiti ndi mauthenga a kapitawo. Pitirizani kupita ku mafizo ndi kwa dokotala apilo ili m'kati, ngakhale zikuvuta, chifukwa mpata wa miyezi iwiri wopanda chithandizo m'fayilo umawerengedwa kuti munachira pa tsiku limene munasiya kupita.